Nyumba imalankhula pakakhala munthu: kajambulidwe ka zithunzi za chitukuko

Chaka ndi chaka m'boma la Mangochi mumamangidwa midadada ya makalasi, nyumba za aphunzitsi, mashedi a m'misika, timilatho ndi zipatala zing'onozing'ono, kudzera m'thumba la CDF, la DDF komanso mabungwe ogwira ntchito limodzi ndi khonsolo. Ntchito ikatha, chimene chimayenda ulendo wautali kuposa zonse ndi chithunzi chake. Chimalowa m'lipoti la komiti ya ADC, chimamatidwa pa bolodi la zidziwitso, chimafika kwa opereka thandizo, ndipo chimazungulira m'mafoni a anthu a m'wodi kudzera pa WhatsApp. Bomali ndi lalikulu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo munthu wa kwa Makanjira sangakwere galimoto kupita kwa Nankumba kukangoona mdadada watsopano. Anthu ambiri, kuphatikizapo ena amene amavomereza ndalama, adzaidziwa nyumbayo pa chithunzi pokha.

Zithunzi zambiri za chitukuko zimagwa m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la nyumba yoima yokha padzuwa, zitseko zili zotseka, pabwalo popanda ngakhale nkhuku. Gulu lachiwiri ndi la mzere wa akuluakulu ataima mothithikana pakhomo, nyumba n'kungooneka denga lokha pamwamba pa mitu yawo. Chithunzi choyambacho chimanena kuti njerwa zinayalidwa, koma sichinena ngati nyumbayo ikuthandiza aliyense. Chachiwiricho chimanena amene anabwera kumwambo, koma sichionetsa chimene chinamangidwa. Pakati pa ziwirizi pali chithunzi chimene anthu a m'wodi amafunikira: nyumba yooneka yonse, ndi munthu woikidwa pamalo oyenera, woonetsa kukula kwake ndi ntchito yake.

Mmene anthu analowera m'zithunzi za nyumba

Kusowa kwa anthu pa zithunzi za nyumba kunayamba chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa makamera akale. Mu 1838, Louis Daguerre anajambula msewu wa mumzinda wa Paris wotchedwa Boulevard du Temple. Kamera yake inkafuna mphindi zingapo kuti chithunzi chigwire, choncho ngolo ndi anthu onse oyenda sanaoneke, msewu n'kukhala ngati wa mumzinda wopanda anthu. Anatsala ndi bambo mmodzi amene anaima nthawi yaitali akupukutitsa nsapato, pamodzi ndi womupukutirayo. Mpaka lero maso a aliyense woona chithunzicho amathamangira pa anthu awiriwo, ngakhale ali aang'ono kwambiri poyerekeza ndi nyumba zowazungulira.

John Kirk, dokotala amene anali ndi David Livingstone pamene anafika kumwera kwa nyanja ya Malawi mu Sepitembala 1859, anali mmodzi mwa oyamba kujambula zithunzi m'chigawo chino cha Africa. Zambiri mwa zithunzi zake za ulendo wa ku Zambezi ndi za nyumba, mitengo ndi zombo, zinthu zimene zinkatha kudikira kamera osagwedezeka. Patapita zaka, Mungo Murray Chisuse wa pa mishoni ya Blantyre anakhala mmodzi mwa eni dziko oyamba kugwira ntchito yojambula, ndipo ndi iye anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Tchalitchi cha njerwa chimene Chilembwe anamanga ku Mbombwe chinagwetsedwa ndi atsamunda mu 1915, ndipo maonekedwe ake amadziwika lero chifukwa cha zithunzi.

Makamera atayamba kugwira msanga, akatswiri ambiri anapitirizabe kujambula nyumba zopanda anthu, pofuna kuti luso la womanga lioneke lokha. Ena anatsutsa. Mu 1960, Julius Shulman anajambula nyumba ya magalasi ya pamwamba pa phiri ku Los Angeles, muli amayi awiri atakhala pansi akucheza, magetsi a mumzinda akuwala kumunsi kwawo. Chithunzicho chinatchuka chifukwa aliyense wochiona ankadziyerekeza atakhala m'chipindamo. Kuno kwathu, Iwan Baan wa ku Netherlands anajambula nyumba za chidikiro za pachipatala cha Kasungu zimene zinamangidwa mu 2015 ndi bungwe la MASS Design Group. Pa zithunzi zake amayi oyembekezera akuoneka atakhala m'makonde ndi m'mabwalo a pakati pa nyumbazo, ndipo woona amamvetsa msanga chifukwa chake madenga anatambalala chotero: mthunzi ndi malo ochezera ndiwo anali cholinga.

Munthu ngati muyeso

Ntchito yoyamba ya munthu pa chithunzi ndi kuonetsa kukula kwa nyumba. Diso silingadziwe kutalika kwa khoma popanda chinthu chodziwika choyerekezera, ndipo palibe chinthu chodziwika bwino kuposa thupi la munthu. Nsanja ya wotchi ya pa Boma, imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi chitsanzo chapafupi. Ikajambulidwa yokha, mlendo sangadziwe ngati ndi chipilala chofika m'mapewa kapena nsanja yoposa mitengo. Mwana wasukulu akaima patsinde pake, funsolo limatha. N'chimodzimodzi ndi mzinga wa sitima ya Guendolen umene uli pafupi ndi nsanjayo, kapena milambe ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay.

Koma muyesowu umanena zoona pokhapokha munthuyo ataima pafupi ndi khoma lenilenilo. Chinthu chikayandikira kamera chimakula, chikatalikira chimachepa, ndipo kusiyanako kumatsata mtunda. Ngati nyumba ili mamita 30 kuchokera pa wojambula, munthu n'kuima mamita 3 okha kuchokera pa kamera, munthuyo adzaoneka wamkulu kakhumi kuposa mmene akanaonekera atatsamira khoma. Mdadada wabwino umasanduka ngati khola la mbuzi. Zimachitikanso mosiyana: kamwana kakang'ono koikidwa pakona yakutali kamachititsa chipinda chochepa kuoneka ngati holo. Motero woyesera woyenera ndi munthu wamkulu, woima chilili pafupi ndi chitseko kapena pakona imene yayandikira kamera. Chitseko cha nyumba za boma chimakhala pafupifupi mamita awiri, ndiye munthu ndi chitseko zikaonekera pamodzi, woona amakhala ndi miyeso iwiri yotsimikizirana.

Apa ndi pamene chithunzi chimasanduka chida cha komiti yoyang'anira ntchito. Munthu woima m'ngalande ya maziko simenti isanathiridwe amaonetsa ngati maziko afika m'mawondo kapena m'chiuno. Woima pafupi ndi paipi ya kalavati amaonetsa ngati ingameze madzi a mu Febuluwale. Mwana woima pafupi ndi zenera amaonetsa ngati mphepo idzafika pa ophunzira okhala pansi, nkhani yaikulu m'dera lotentha ngati la m'mbali mwa nyanja. Zinthu izi zikakwiriridwa kapena kupakidwa pulasitala sizionekanso, ndipo mkangano ukabuka pakati pa komiti ndi kontilakitala, mawu apakamwa amangolimbana. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chithunzi chokhala ndi muyeso chimathetsa za m'maluwazo.

Munthu ngati umboni wa ntchito

Ntchito yachiwiri ndi kuonetsa chimene nyumbayo ikuchita. Mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa pa mtsinje wa Shire ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ukajambulidwa wopanda munthu umangokhala simenti yodutsa pamadzi. Ukajambulidwa m'mawa, akabaza atanyamula makasitomala, amayi atasenza mabeseni a nsomba, ana akupita kusukulu, ndiye kuti chithunzi chafotokoza kuti mlathowo ndi umene umalumikiza Boma ndi Malindi, Makanjira, Namwera mpaka kuchipata cha Chiponde. Woona safunikira kuuzidwa kuti mlathowo ndi wofunika.

Mfundo yomweyi imagwira pa zitukuko zing'onozing'ono. Mjigo umadziwika kuti ndi wamoyo mayi akamapopa madzi n'kumatuluka, chidebe chili pansi. Shedi ya mumsika imadziwika kuti yalandiridwa ogulitsa akakhala mkati ndi katundu wawo. Ngati chithunzi chaonetsa shedi yopanda munthu, ogulitsa atayala tomato ndi usipa pansi kunja kwake, chafunsa funso limene khonsolo iyenera kuyankha: kodi inamangidwa kutali ndi kumene makasitomala amadutsa, kapena matebulo ake ndi aatali, kapena malo sanagawidwe? Chithunzi chotero chimathandiza, ngakhale sichikoma m'lipoti.

Polowera anthu olumala ndi chitsanzo china. Potsetsereka popangidwira njinga ya olumala pamaoneka bwino nthawi zonse pakakhala popanda munthu. Muyeso wovomerezeka m'maiko ambiri ndi wakuti pa mamita 12 alionse a kutalika, pakwere mita imodzi yokha. Munthu wa pa njinga akajambulidwa akukwera yekha, atavomera kutero, aliyense amaona kuti muyesowo unatsatidwa. Akafuna anthu awiri omukankha, chithunzi chanena zoona zimene pepala la kontilakitala silinanene. M'kalasi namonso, boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ophunzira 60. Chithunzi chojambulidwa kumbuyo kwa kalasi, choonetsa misana ya ana ndi bolodi kutsogolo, chimaonetsa ngati chipinda chatsopano chakwanira kapena chadzaza kale.

Pali msampha umodzi pano. Munthu pa chithunzi amakhala umboni ngati zimene akuchitazo amachitadi masiku onse. Kubwereka madesiki kusukulu ina, kuitana ana pa Loweruka kuti adzaze kalasi, kapena kuthira madzi m'chidebe pamjigo wouma, ndi kunamiza anthu amene chithunzicho chinayenera kuwathandiza. Bodza lotere limachedwetsa kukonza, pakuti amene akanatumiza thandizo amakhulupirira kuti zonse zili bwino.

Poima wojambula ndi poima munthu

Foni yam'manja ya mtengo wapakati imakwanira pa ntchito imeneyi. Chimene chimasiyanitsa zithunzi ndi malo amene wojambula wasankha kuima. Nyumba yojambulidwa maso ndi maso imaoneka yafulati ngati katoni. Wojambula akasunthira chapakona kuti makoma awiri aoneke, lalitali ndi lalifupi, woona amadziwa utali ndi mulifupi nthawi imodzi. Pakonapo kapena pakhonde ndi pamene munthu amakhala bwino, chifukwa sabisa chitseko kapena zenera.

Foni igwiridwe cha pachifuwa, itaima chilili. Ikapendekera m'mwamba pofuna kuti denga likwane, makoma amaoneka ngati akugwera mkati, ndipo mmisiri wosalakwa anganenedwe kuti anamanga mokhota. Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo mapazi angapo. Mafoni ena ali ndi batani la 0.5 limene limalowetsa malo ambiri, koma limakoka zinthu za m'mphepete, mitu ya anthu n'kutalika ngati mapapaya. Ndi lothandiza m'chipinda chopanikiza, bola munthu akhale chapakati. Kunyanja kuli chinthu chinanso choyang'anira: mzere umene madzi amakumana ndi thambo uyenera kugona mowongoka, apo ayi nyanja imaoneka ngati ikukhuthukira mbali imodzi, nyumba n'kupendekera nayo limodzi.

Mafoni ambiri ali ndi mizere imene imagawa galasi m'zigawo zitatu chopingasa ndi zitatu choimirira. Munthu akaikidwa pa umodzi wa mizere yoimirirayo osati pakatikati, nyumba imapeza malo, ndipo diso limayenda kuchoka pa munthu kupita pa khoma n'kubwereranso. Ngati munthuyo akuyenda, malo aakulu atsale kutsogolo kwake, ndipo ndi bwino kuti aziyenda cholowera kukhomo, pakuti diso la woona limatsata kumene munthu akupita. Woyenda chotuluka m'chithunzi amatenga diso n'kupita nalo kunja.

Mizere yopezeka pamalopo imathandiza kutsogolera diso. Nsanamira za pakhonde, zitsulo za m'mbali mwa mlatho, kanjira kopita kumjigo, ngakhale mathandala oyanikapo usipa padoko, zonsezi zimaloza kwinakwake. Munthu akaima kumene mizereyo ikuthera, amaoneka msanga ngakhale ali wamng'ono. Mtundu wa chovala umachita chimodzimodzi: chitenje chofiira kapena yunifolomu ya buluu patsogolo pa khoma lotuwa imakoka diso kuposa gulu la anthu khumi. Wojambula ayang'anenso kumbuyo kwa munthuyo, kuti pholo la magetsi kapena mgwalangwa usaoneke ngati wamera pamutu pake.

Chiwerengero cha anthu chitsate ntchito ya nyumbayo. Nyumba ya mphunzitsi imakwanira ndi munthu mmodzi kapena awiri pakhonde. Msika umafuna khamu, koma wojambula akwere pamalo okwera pang'ono kuti mitu isabise matebulo. Anthu akamagwira ntchito yawo osayang'ana kamera, chithunzi chimakhala cha nyumba ndi moyo wake. Onse akatembenuka n'kumwetulira, chimasanduka chithunzi cha nkhope, nyumba n'kukhala chinsalu cha kumbuyo. Njira yake ndi kudekha. Wojambula akapempha chilolezo n'kukhala pamalopo mphindi khumi, anthu amatopa naye n'kubwerera ku zochita zawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chithunzi chimodzi sichinganene zonse, choncho ntchito iliyonse imafuna zosachepera zitatu. Choyamba ndi chapatali, choonetsa nyumba ndi malo oizungulira, phiri, msewu kapena nyanja, kuti aliyense azindikire kuti ndi pamudzi uti. Chachiwiri ndi chapakati, choonetsa nyumba yonse ndi anthu akuigwiritsa ntchito. Chachitatu ndi chapafupi, choonetsa kamangidwe, monga dzanja pa chogwirira cha chitseko kapena phazi pa sitepe.

Dzuwa la kunyanja

Mangochi ili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati. Chifukwa cha ichi, dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumayambiriro kwa Novembala ndi cha mu Febuluwale. Nthawi imeneyo denga limaponya mthunzi wakuda pakhoma lonse, khonde limasanduka phanga, ndipo nkhope za anthu sizioneka. Kuyambira Epulo mpaka Sepitembala dzuwa limadutsa chakumpoto, motero khoma loyang'ana kumpoto limawala pafupifupi tsiku lonse pamene loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi.

Nthawi yabwino ndi maola awiri oyamba dzuwa litatuluka ndi maola awiri omaliza lisanalowe. Kuwala kumabwera chammbali, kumalowa pansi pa khonde, ndipo mizere ya njerwa imaoneka bwino. Khomo loyang'ana kum'mawa lijambulidwe m'mawa, loyang'ana kumadzulo lijambulidwe madzulo, dzuwa lili kumbuyo kapena kumbali kwa wojambula. Anthu a tsidya la Malindi ndi Makanjira amaona dzuwa likulowa m'nyanja, pamene a ku Nkopola amaliona likutuluka m'nyanja. Wofuna kuti nyanja ioneke kumbuyo kwa nyumba ku Malindi ajambule m'mawa, ndipo wa ku Nkopola ajambule madzulo. Akachita mosemphanitsa, kuwala kwa pamadzi kumagonjetsa foni, anthu n'kusanduka zithunzithunzi zakuda.

Foni imayesa kuwala ndi chinthu chowala kwambiri, ndipo khoma lopakidwa laimu kapena mchenga wa pagombe zimaichititsa kudetsa china chilichonse. Kugunda ndi chala pa galasi pamene pali munthuyo kumauza foni kuti iyese kuwala ndi nkhope yake. Tsiku la mitambo silopanda pake, pakuti mthunzi umakhala wofewa ndipo mkati mwa khonde mumaoneka. Miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi zimabisa mapiri a ku Namwera, choncho chithunzi chapatali chimakoma mvula ikagwa n'kutsuka mlengalenga.

Tsiku la mwambo ndi masiku otsatira

Chithunzi cha khansala, phungu, mfumu ndi akuluakulu a khonsolo akudula riboni chili ndi malo ake. Chimasunga mbiri ya amene analandira nyumbayo m'malo mwa anthu, ndipo ulemu umenewo ndi woyenera. Vuto limabwera chikakhala chokhacho. Ngakhale pa tsikulo, wojambula angapemphe mwaulemu kuti alendo olemekezeka aime mbali imodzi ya khomo pafupi ndi khoma, iye n'kubwerera m'mbuyo mpaka nyumba yonse italowa. Potero anthu ndi nyumba zimaoneka limodzi.

Chithunzi chofunika kwambiri chimajambulidwa matenti atachotsedwa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kenaka chaka, membala wa komiti ya VDC abwerere pamalo omwe anaima poyamba, pa nthawi yomweyo ya tsiku, n'kujambulanso. Zithunzi zoterezi zikaikidwa moyandikana zimaonetsa ngati nyumba ikugwiritsidwa ntchito, ngati malata akadalipo pambuyo pa mwera, ndiponso ngati madzi akukokolola maziko. M'madera a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, kumene madzi anakwera n'kulowa m'nyumba zambiri mu 2024, munthu woima pafupi ndi mzere umene madzi anasiya pakhoma amapereka muyeso umene omanga a mtsogolo ayenera kuuona asanakumbe maziko.

Pali nthawi zimene munthu sayenera kuoneka. Mng'alu wa pakhoma, denga lodontha kapena pansi pofumbutuka zimafuna chithunzi chapafupi, cholembera kapena lula itaikidwa pambali kuti kukula kudziwike. Kuimika munthu wodandaula pafupi ndi cholakwikacho kumasandutsa nkhani ya kamangidwe kukhala nkhani ya munthuyo, ndipo kungamuike pa udani ndi ena.

Ulemu ndi chilolezo

Munthu woikidwa pa chithunzi si njerwa. Ali ndi dzina, banja ndi mbiri pamudzi, ndipo chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwereranso. Wojambula adzidziwitse, anene kumene chithunzicho chikupita, ndipo alandire yankho lakuti ayi popanda kukakamiza. Pamudzi mlendo amayamba waonekera kwa mfumu, pasukulu kwa mphunzitsi wamkulu, pachipatala kwa woyang'anira. Chilolezo cha mtsogoleri chimatsegula khomo, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha munthu wojambulidwayo.

Malamulo a dziko lino, atasinthidwa mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mwana sangadzivomerere yekha, choncho makolo kapena aphunzitsi adziwe, ndipo dzina lake lisalembedwe pamodzi ndi nkhope ndi mudzi wake. Pachipatala, nkhope ya munthu woima pakhomo la chipinda china ikhoza kuulula matenda ake kwa mudzi wonse. Pagombe amayi amasamba ndi kuchapa, ndipo kamera isaloze kumeneko ngakhale nyumba yojambulidwayo ili pafupi. Anthu ambiri m'bomali ndi Asilamu, ndipo mzikiti, monganso tchalitchi, uli ndi nthawi ndi malo amene kujambula sikuloledwa, motero shehe kapena mbusa afunsidwe kaye. Malo a chinamwali ndi a kumanda sajambulidwa mwachisawawa.

Mwamwayi, zimene ulemu umafuna ndi zomwenso chithunzi chabwino cha nyumba chimafuna. Munthu wojambulidwa chakumbuyo, chammbali kapena chapatali amaonetsa kukula ndi ntchito ya nyumba mokwanira, nkhope yake osadziwika. Wojambula apewenso chizolowezi chofunafuna mwana wong'ambika malaya kuti amuimike pafupi ndi penti watsopano. Anthu a m'wodi ndi eni chitukukocho. Ndi iwo anapereka malo, kututa mchenga ndi kutunga madzi, ndipo chithunzi chiwaonetse monga eni nyumba. Aonekenso onse amene nyumbayo inamangidwira: amayi, achinyamata, okalamba ndi olumala, osati okhawo amene amakhala pamipando ya kutsogolo.

Kusunga chimene chajambulidwa

Chithunzi chopanda mawu chimataya mphamvu pakapita nthawi. Chilichonse chiyende ndi dzina la ntchito, mudzi, gulupu, mfumu yaikulu, wodi, tsiku, ndi thumba limene ndalama inachokera. WhatsApp imachepetsa chithunzi pochitumiza, ndipo chikasindikizidwa chimatuluka chosaoneka bwino. Kuchitumiza ngati fayilo kumasunga ubwino wake wonse. Foni imatayika kapena kugwera m'madzi, choncho mlembi wa ADC asunge zithunzi za ntchito iliyonse pamalo achiwiri, ndipo zingapo zisindikizidwe n'kuikidwa m'fayilo ya komiti. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kufunsa za ntchito za boma, ndipo wofunsa atanyamula zithunzi zokhala ndi masiku amamveka msanga.

Zithunzi zambiri za nthawi imene Mangochi inkatchedwa Fort Johnston zimaonetsa maofesi, zombo ndi akuluakulu achitsamunda. Amene anaumba njerwa ndi kukweza makoma amaoneka mwa apo ndi apo, kawirikawiri opanda maina. Lero pafupifupi komiti iliyonse ili ndi membala wokhala ndi foni yojambula, ndipo mbiri ya midadada, misika ndi mijigo ya m'badwo uno ikulembedwa ndi anthu a m'midzi eni ake. Komiti imene ikuyembekezera kulandira nyumba chaka chino ingayambe ndi zinthu zitatu: kusankha munthu mmodzi wojambula, kusankha malo amodzi oimapo, ndi kujambula chithunzi choyamba maziko asanakwiriridwe, munthu wamkulu ataima m'ngalandemo.